Nthenga zofundira pa hamoki: mafunso ndi mayankho kwa anzathu a ku Mangochi

Munthu akamva kuti wina ku Mangochi akufunafuna nthenga zoti azifunda, amayamba waseka kaye. Kuno n'kumene mu Okutobala anthu amagona pakhonde chifukwa m'nyumba simukhalika. Koma amene anamangapo hamoki pakati pa mitengo iwiri ku Cape Maclear mu Julaye, mwera uli pachimake, kapena anagonapo ku mapiri a Namizimu, akudziwa kuti ikamakwana 3 koloko m'bandakucha msana umazizira ngati wagona pa simenti. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa akaona chofunda chimene ndinadzisokera. Ena ndi ofunika kwambiri, ena ndi ongofuna kundiseka, koma onse ndayankha.

Hamoki imeneyi si machila omwe aja?

N'zapachibale. Agogo athu ankati machila ponena nsalu yopachika pa mtengo imene ankanyamuliramo azungu, nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston. Lero mukati machila anthu amaganiza za wodwala, ndiye ambiri timangoti hamoki. Iyi palibe wokunyamulani: mumamanga nsonga ziwiri ku mitengo, n'kugona.

Bwanji osangofunda bulangete?

Chimene chimasunga kutentha si nsalu kapena nthenga pazokha, koma mpweya umene wakodwa m'kati mwake osayenda. Mukagonera bulangete thupi lanu limalifinya, mpweya uja n'kuthawa. Pamphasa izi sizivuta kwenikweni chifukwa pansi sipadutsa mphepo. Pa hamoki kunsi kwanu kukudutsa mphepo usiku wonse, ndipo pakati pa inu ndi mphepoyo pali kansalu kopyapyala kokha. Pamwamba mutha kuunjika magombeza atatu, msana ndi matako zizingozizirabe.

Usiku ukatsika pansi pa madigiri 20, ambiri amayamba kuzimva. M'mbali mwa nyanja mu Juni ndi Julaye umafika cha m'ma 14 kapena 15, ndiye onjezanipo mwera. Kumtunda kwa Namwera n'kozizira kuposa pamenepo.

Mankhwala ake ndi chofunda cha kunsi, chimene ogulitsa akunja amachitcha underquilt. Chimapachikidwa kunja kwa hamoki, kunsi kwake, chokokedwa ndi zingwe za mpira, moti chimakhudza msana wanu koma simuchigonera. Popeza sichifinyika, zimene mwaikamo zimafufuma bwinobwino.

Nthenga zake ndi ziti? Za nkhuku sizingachite?

Bakha ndi tsekwe ali ndi nthenga za mitundu iwiri. Zakunja zija zili ndi kamtengo kolimba pakati. Kunsi kwa zimenezo, makamaka pachifuwa ndi pamimba, kuli tinthenga tofewa topanda kamtengo, tangati kathonje kouluka, toti mukatipuzira timayandama m'mwamba. Pa lebulo ya chovala amalemba kuti down. Timeneti ndi timene tikufuna, chifukwa palibe china chotentha chonchi pa kulemera kochepa chonchi, ndipo chofunda chonse chimalowa m'kathumba kakang'ono.

Za nkhuku ayi. N'zophwatalala, zolemera, zimabaya ndipo sizifufuma. Pilo wa nthenga za nkhuku amatheka, chofunda cha paulendo iwalani.

Za tsekwe zimadula kuposa za bakha chifukwa tinthenga take n'tokulirapo. Zotchuka zimachokera ku Poland ndi ku Hungary, koma zambiri pa dziko lonse zimachokera ku China, komwe abakha amaphedwa ochuluka chifukwa cha nyama. Pa kuzizira kwathu kuno za bakha n'zokwana. Kulipira za tsekwe n'kutaya ndalama.

Nanga ndingazipeze kuti motsika mtengo?

Pa kaunjika. Nthenga zabwino zimakhala zaka zambiri, chimene chimatha msanga ndi nsalu ndi zipi. Ndiye kumayiko ozizira akataya jekete chifukwa lang'ambika pamkono, nthenga zake zimafika kuno zili ndi moyo.

Choyamba kufuna ndi duveti ya nthenga. Imodzi yokha imakhala ndi theka la kilogalamu kapena kuposa, zokwana zofunda ziwiri kapena zitatu. Chachiwiri ndi thumba logonamo la anthu okwera mapiri. Chachitatu ndi majekete otukumuka aja okhala ndi mizeremizere, koma dziwani kuti jekete lopepuka kawirikawiri silifika magalamu 100, ndiye mufunika awiri kapena atatu. Lalitali lofika m'mawondo ndi limene lili ndi phindu. Mapilo asiyeni: ambiri amadzaza ndi nthenga zakunja zobaya zija, chifukwa pilo amafunika kulimba.

Nthawi yogulira ndiyo nkhani yaikulu. Kuyambira Meyi mpaka Julaye mukulimbirana ndi anyamata a kabaza, alonda ndi asodzi ogona panyanja, onse akufuna jekete lomwelo, ndipo wogulitsa akudziwa. Pitani mu Okutobala kapena Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Pamenepo jekete lolemera ndi katundu wongodzaza malo pa benchi, mwini wake amakhala wokonzeka kumva mtengo wanu.

Funsani zowonongeka. "Amayi, la zipi yakufa muli nalo? Long'ambika nalonso ndigula." Zotsalira pansi pa belo, zothimbirira, za mtundu woti palibe angavale, kwa inu n'chimodzimodzi. Ndipo musafulumire kufotokoza chimene mukufuna m'katimo. Ine ndinalongosola zonse tsiku lina kwa wogulitsa wina, sabata yotsatira majekete onse otukumuka anali atakwera, ngakhale a faiba, ubweya wochita kupanga uja.

Msika wa pa boma, wa ku Monkey Bay ndi wa ku Namwera zimapezeka mwa apo ndi apo. Mukakhala ndi ulendo wa ku Limbe kapena ku Lilongwe, kapena mukadutsa pa shopu ya DAPP, mpata umakula. Ndi bwino kupangana ndi wogulitsa mmodzi kuti akatsegula belo la zofunda akuimbireni.

Ndidziwa bwanji kuti m'katimo muli nthenga zenizeni?

Yambani ndi lebulo ya m'mbali, osati ya pakhosi. Mukaona 90% down 10% feather, kapena 80/20, tengani. 70/30 n'zolandirika. 50/50 ndi nthenga zobaya theka, musavutike nazo. Zovala zathu zimachokera kosiyanasiyana, ndiye dziwani mawu enanso: Chifalansa amalemba duvet pa zofewa ndi plumes kapena plumettes pa zobaya, Chijeremani amalemba Daunen ndi Federn. Pakalembedwa 100% polyester pa zodzazira, ndi faiba basi, ngakhale jeketelo litatukumuka chotani.

Lebulo ikakhala yodulidwa, manja ndi maso agwire ntchito. Tsinani ndi zala ziwiri: nthenga zimaterereka n'kuthawira kumbali mpaka nsalu ziwiri zikhudzane, pamene faiba imakhala pompo ngati kabulangete. Yang'anitsani padzuwa: nthenga zimaoneka madonthomadontho, faiba imaoneka yofanana ponseponse. Finyani m'manja n'kusiya: zabwino zimadzuka pang'onopang'ono mpaka kubwerera mwakale. Mukamva timitengo tambiri tikubaya, zobaya zachuluka.

Nunkhizaninso. Fungo la mankhwala a m'belo limachoka pochapa. Fungo la chuku silichoka, chisiyeni.

Manambala a 550, 700, 800 amene amalemba aja akutanthauza chiyani?

Ndi muyezo wa kufufuma, umene amautcha fill power. Nambala ikakwera, nthenga zochepa zimadzaza malo aakulu. Galamu imodzi ya 600 imadzaza malo okwana pafupifupi mamililita 350, ya 800 imadzaza pafupifupi 460. Musaganize kuti za 800 zimatentha kuposa za 550. Zofunda ziwiri zokhuthala mofanana zimatentha pafupifupi mofanana, kungoti cha 550 chimalemererapo. Wokwera mapiri a chipale masiku khumi amawerengera galamu iliyonse. Inu amene mukukwera minibasi mpaka ku Monkey Bay, magalamu 80 owonjezera simudzawamva.

Za pa kaunjika mutha kuziyeza nokha. Pimani magalamu 30 a nthenga zochapa ndi zouma bwino, zitakaseni mu ndowa ya malita 20, ikani kakatoni kozungulira kopepuka pamwamba, dikirani mphindi zingapo. Zikafika pakati pa ndowa, zili cha m'ma 600. Zikafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, zili cha m'ma 400, zotopa kapena zosakanikirana ndi zobaya.

Ndikufunika zochuluka bwanji?

Zochepa kuposa zimene mukuganiza, ndipo apa ndi pamene ambiri amawonongera ndalama. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku America ogona panja madzi akuundana. Mukawatsatira mudzasoka chinthu choti ku Chembe mudzatuluka nacho thukuta.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Utali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsanso ndi kukhuthala, zonse m'masentimita. Yankholo gawani ndi 300, yomwe ndi nambala yabwino pa nthenga zogwirapo kale ntchito. Zotsatirazo ndi magalamu. Onjezanipo gawo limodzi mwa magawo asanu kuti zipinda zidzaze bwino.

Chofunda chofika kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, cha masentimita 130 ndi 110, chokhuthala masentimita 3, chikufuna magalamu 143, tinene 170 mukaonjezera. Chimenechi n'chokwana m'mbali mwa nyanja chaka chonse. Kumapazi mungoyala jekete kapena kasiponji. Mukafuna cha ku Namizimu, Chowe kapena Phirilongwe mu Julaye, khuthalitsani mpaka masentimita 4, magalamu 230. Osoka ambiri amawerengera kuti masentimita 4 amapirira mpaka madigiri 5. Cha pa phiri la Zomba, Mulanje kapena ku Nyika, komwe nthawi zina kumagwa chisanu chowaula udzu, chikhale chathunthu, masentimita 185, chokhuthala 6, ndipo chidya pafupifupi theka la kilogalamu.

Pakhomo tili ndi abakha. Sindingagwiritse ntchito nthenga zawo?

Mungathe, koma konzekani kudikira. Bakha mmodzi amapereka tinthenga tofewa todzaza manja pang'ono chabe, ndiye chofunda chimodzi chikufuna abakha makumi. Njira yake ndi kupangana ndi anthu ophera ambiri, a malo odyera kapena pa nthawi ya zikondwerero, kuti azikusungirani.

Zothothola zikhale zouma. Bakha akachinjidwa, musanamuviike m'madzi otentha, chotsani zakunja za pachifuwa ndi pamimba, kenako tsinani tofewa ta kunsi n'kuponya mu pilokesi. Zamagazi tayani. Mangani pilokesiyo kukamwa ndipo chapani m'madzi ofunda ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, chifukwa nthenga za bakha zili ndi mafuta ambiri. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera, tsukuluzani kangapo, yanikani masiku angapo mukumwaza zibuluma. Kumafakitale amaziphika ndi nthunzi yotentha kwambiri kuti tizilombo tife. Inu muli ndi sopo ndi dzuwa la Mangochi, ndiye musachite zachidule.

Ine ulendo woyamba ndinachapa kawiri kokha poona kuti zayera. M'chilimwe zinalibe vuto. Mvula itayamba, chofunda chija chinayamba kununkha khola, mpaka a kunyumba anandiuza kuti ndisankhe pakati pa iwo ndi abakha angawo.

Ziwiri zoletsedwa: kutenga nthenga za mbalame yofa ndi matenda, ndi kuthothola bakha wamoyo. Kuthothola wamoyo kumang'amba khungu. Ndi nkhanza imene inachititsa kuti kunja akhazikitse chizindikiro cha Responsible Down Standard mu 2014, chimene mungachione pa malebulo ena.

Nanga atsekwe a kuthengo a ku Malombe ndi mu Shire?

Asiyeni. Nyama zakuthengo zili ndi lamulo lake, ndipo kuno tazunguliridwa ndi malo otetezedwa: Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, Liwonde, ndi nkhalango ya Mangochi imene bungwe losamalira zakuthengo la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2018. Mbalame za m'madzi zakuthengo zimanyamulanso chimfine cha mbalame.

Kuitanitsa zatsopano kunja kuli bwanji?

Ogulitsa alipo, monga Ripstop by the Roll ndi Dutchware a ku America, amene amagulitsa nthenga pamodzi ndi nsalu zake. Vuto si mtengo wa nthengazo wokha. Pali kutumiza, msonkho wa MRA, ndi ndalama zakunja zomwe masiku ano kuzipeza n'kovuta. Pa magalamu 200 okha sizikupindulitsa, pokhapokha mutasonkhana anthu angapo.

Njira yathu yeniyeni ndi Joni. Ku Mangochi ndi banja liti lopanda munthu kumeneko? Ku South Africa kumazizira, ndipo matumba ogonamo a nthenga a K-Way ndi First Ascent amapezeka ogwirapo kale ntchito. Auzeni achimwene kapena amalume mu Seputembala, chisanu chawo chikatha, akuponyereni limodzi mu katundu wa matransipota. Atumizireni chithunzi cha lebulo pa WhatsApp, apo ayi adzakugulirani la faiba ndi mtima wabwino.

Ndagula majekete. Nditulutse bwanji nthenga osadzaza nyumba yonse?

Chapani kaye musanang'ambe. Nthenga zili m'kati mwa jekete sizingathawe. Madzi ofunda, sopo wofewa pang'ono, popanda jiki ndi popanda mankhwala ofewetsera zovala. Musapotokole, ingofinyani. Yanikani chogoneka, muzimenya ndi manja ndi kumwaza zibuluma mpaka ziume zenizeni, ngakhale patapita masiku atatu.

Potulutsa, pachikani neti, lowani m'kati ndi jekete, sizasi ndi pilokesi, n'kupsinja m'mbali. Tsekani mazenera, zimitsani fani, ana akhale panja. Ng'ambani mzere umodzi umodzi, manja onyowa pang'ono. Valani chotseka pakamwa ndi mphuno, chifukwa fumbi la nthenga limavulaza mapapo a anthu ena. Amene ali ndi mphumu apemphe wina awagwirire ntchitoyi.

Koma imvani ichi, chifukwa chingakupulumutseni ku zonsezi. Mukapeza duveti, musatulutse kanthu. Yezani kukula kumene mukufuna, kankhirani nthenga kumbali, sokani mizere iwiri yoyandikana, dulani pakati pake, pindani m'mphepete. Nsalu ya duveti inapangidwa kale kuti isatulutse nthenga. Chidzalemerako pang'ono kuposa cha nayiloni, koma mwamaliza tsiku limodzi. Thumba logonamo nalonso mungolitsegula zipi, kudula chipewa chake, n'kusokerera mipata ya zingwe.

Nsalu yanji yoyenera? Chitenje sichingachite?

Chitenje chingachite ngati mukufuna kudzuka mukuoneka ngati nkhuku yothothola. Tinthenga timadutsa pa nsalu wamba iliyonse. Kunena zoona, ku Mangochi kupeza nsalu n'kovuta kuposa kupeza nthenga, ndipo ngati pali poti muwonongepo ndalama ndi pamenepa.

Ikufunika nayiloni kapena poliyesitala yolukidwa mothina kwambiri, yopyapyala, yonyezimira mbali imodzi. Kuyesa kwake: ikani pakamwa, puzirani mwamphamvu. Mpweya ukadutsa mosavuta, nthenga nazo zidutsa. Ukadutsa movutikira, ndi yomweyo. Ukapanda kudutsa konse, monga lona kapena nsalu ya pamwamba pa tenti yopakidwa mpira, isiyeni, chifukwa thukuta lidzakodwa m'kati n'kunyowetsa nthenga. Pa kaunjika yang'anani majekete aakulu opyapyala otchinga mphepo, kapena thumba logonamo la faiba lotha ntchito, mutenge nsalu yake. Musanasoke chonse, sokani kapilo kakang'ono, dzazani, kamenyeni ndi kukagonera sabata imodzi muone ngati kakutulutsa.

Telala wa pamsika angandisokere?

Angathe, makina wamba a Singer ndi okwana, koma mukhale naye pompo. Singano ikhale yaing'ono, nambala 70 kapena 80, ndi ulusi wa poliyesitala. Singano yosokera jinzi imasiya mabowo otulukira nthenga.

Nsalu yakunja ikhale yotambalala kuposa yam'kati ndi masentimita 10 mpaka 15. Telala adzafuna kukonza poganiza kuti mwalakwitsa kuyeza, mukanizeni mwaulemu. Chofundachi chimakhota mozungulira thupi, ndiye nsalu ziwirizo zikafanana, yakunja imakoka n'kufinya nthenga.

Gawani zipinda za masentimita 12 mulifupi. Cha m'mbali mwa nyanja mutha kungosoka nsalu ziwirizo pamodzi m'mizere. Cha kumapiri chimafuna timakoma pakati pa zipinda kuti pamsoko pasazizire, ndipo timakomato tingadulidwe ku neti yakale yochapa bwino. Ndati yakale. Maneti kuno avutika kale mokwanira ndi kuphera usipa ndi kutchingira madimba, ndipo pa hamoki pomwepo mufunikanso neti yathunthu, poti udzudzu wa kunyanja sudziwa za Julaye.

Pimani nthenga za chipinda chilichonse pa sikelo ya manambala, dzazani, tsekani ndi mapini, kenako sokani. Kumutu ndi kumapazi siyani mpata wolowetsa chingwe cha mpira chokokera, m'mbali ziwiri zazitali mpata wa zingwe zopachikira.

Usufu, thonje kapena faiba sizingalowe m'malo?

Thonje ayi: ndi lolemera, limamwa madzi, limaumbika. Usufu, uja wa m'mapilo akale, ndi wopepuka ndipo sumwa madzi msanga, koma ukamafinyidwa kawirikawiri umaphwanyika n'kusanduka fumbi, komanso umayaka msanga. Pafupi ndi moto wa pamsasa ndi ngozi.

Faiba ndiyo ndimailemekeza. Ngati maulendo anu ndi a kunyanja okhaokha, duveti yopyapyala ya faiba yodula pakati ikugwirirani ntchito pa mtengo wochepa kwambiri, siifuna nsalu yapadera, ndipo ikanyowa imatenthabe pang'ono n'kuuma msanga. Choipa chake n'chakuti imadzaza chikwama ndipo imaphwa pakapita zaka zochepa. Nthenga n'za munthu woyenda pansi mtunda wautali katundu ali kumsana.

Mame ndi chinyezi cha kunyanja sizingawononge?

Nthenga zikanyowa zimamatana ndipo sizitenthanso mpaka ziume. Mangani lona pamwamba ngakhale kulibe mvula, ndipo musapachike pafupi kwambiri ndi madzi, komwenso ndi njira ya mvuu ndi ng'ona. M'mawa yanikani kaye musanalongedze. Kunyumba musasunge chofinyidwa m'kathumba kake kapena mu pulasitiki. Ikani mu pilokesi yaikulu, pachikani pamwamba pomwe makoswe safika, ndipo m'dzinja muzichitulutsa padzuwa likawala.

Ndasoka zonse bwino, koma msana ukuzizirabe. Nthenga zachepa?

Kawirikawiri si nthenga, ndi mpata. Chofunda chikalendewera ngakhale zala ziwiri kuchoka pa hamoki, mphepo imalowa pakati n'kutenga kutentha konse. Gonani mmenemo masana, mnzanu alowetse dzanja pakati pa hamoki ndi chofunda, kuyambira kumapewa mpaka kumiyendo. Pakakhala mpata, kokani zingwe zopachikira. Akapeza kuti nthenga zaphwatalala pansi pa matako, mwakoka kwambiri, masulani pang'ono. Kenako kokani chingwe cha kumutu ndi cha kumapazi mpaka zikhudze hamoki popanda kukwinyika kwambiri, makamaka kunsi kwa mawondo komwe mpata umakonda kubisala. Hamoki ikakhala yopanda munthu, chofunda chopachikidwa bwino chimaikweza m'mwamba pang'ono.